Toots Thielemans: katswiri wa jazi amene anakweza kachoimbira konyozeka

Pa 22 Ogasiti chaka cha 2016, m'chipatala china m'tauni ya Braine-l'Alleud, kum'mwera kwa mzinda wa Brussels m'dziko la Belgium, munamwalira bambo wa zaka 94 yemwe dzina lake la pa chiphaso linali Jean-Baptiste Frédéric Isidore Thielemans. Ndi anthu ochepa amene ankalidziwa dzina lalitalili. Okonda nyimbo za jazi padziko lonse ankangomutchula kuti Toots.

Chida chimene chinamutchukitsa n'chaching'ono moti chimakwana m'thumba la malaya. Dzina lake ndi hamonika, ndipo pa Chipwitikizi amati harmónica kapena gaita de beiços. Ndi kaja kamene munthu amakaika pakamwa, n'kumauzira mpweya ndi kukoka, uku akukayendetsa pamilomo ngati akudya chimanga chootcha. Pa nthawi imene Toots ankakula, oimba akuluakulu ankakaona ngati choseweretsa cha ana kapena cha anthu opempha m'misewu. Koma pofika tsiku la imfa yake, mwini kachidako anali ataimba ndi Benny Goodman, Charlie Parker, Ella Fitzgerald, Bill Evans, Quincy Jones ndi Elis Regina, ndipo mfumu ya dziko lake inali itamulemekeza ndi udindo wa baroni.

Mwana wa ku Marolles

Toots anabadwa pa 29 Epulo 1922 m'dera la Marolles mumzinda wa Brussels. Marolles linali dera la anthu wamba, aganyu, ogulitsa zakale pamsika ndi amisiri a ntchito zamanja. Belgium ndi dziko laling'ono lopanikizika pakati pa France, Germany ndi Netherlands, ndipo anthu ake amalankhula zinenero zosiyana, ena Chifalansa, ena Chidatchi. Ku Marolles zinenero ziwirizi zinasakanikirana n'kubala kalankhulidwe kakekake, monga zimachitikira paliponse pamene mitundu yakumana pamalire. Toots anakula ndi kalankhulidwe kameneko, ndipo ngakhale anadzakhala zaka zambiri kunja, sanakataye.

Makolo ake anali ndi kamalo kogulitsira zakumwa mumsewu wa Rue Haute. Pamalopo pankabwera munthu woimba akodiyoni kudzasangalatsa makasitomala, ndipo mwanayo ankangoyang'anitsitsa mmene manja a munthuyo ankatambasulira ndi kufinya choimbiracho. Ali ndi zaka zitatu zokha anayamba kumutsanzira. Makolo ataona chidwi chake anamupezera akodiyoni yaing'ono, ndipo posakhalitsa makasitomala ankamva nyimbo kuchokera kwa kamwana kamene mapazi ake sankafika pansi kakakhala pampando.

Kusukulu anali wakuthwa pa masamu, moti anafika mpaka ku yunivesite ya ku Brussels kukaphunzira phunziro limeneli. Koma anali atagula kale hamonika ali mnyamata wa zaka pafupifupi 17, m'masiku amene Larry Adler wa ku America ankadabwitsa anthu ndi chida chimenechi m'mafilimu ndi m'maholo akuluakulu. Toots anadziphunzitsa yekha, popanda mphunzitsi. Masamu aja anawasiyira panjira, ngakhale kuti nzeru yowerengera sinamuchoke. Inadzamuthandiza pamene ankafufuza njira zodutsira pakati pa mawu a nyimbo.

Mmene hamonika imalirira

Kuti luso la Toots limveke bwino, m'pofunika kudziwa zimene zili m'kati mwa chidachi. Amene anagwirapo sansi kapena kalimba sangavutike. Pa sansi pamakhala timano tachitsulo totalika mosiyana, ndipo kalikonse kakakodoledwa ndi chala kamanjenjemera n'kutulutsa liwu lake. M'kati mwa hamonika mulinso timalilime totere, tamkuwa, topyapyala kwambiri, koma chimene chimatinjenjemeretsa ndi mpweya wa m'kamwa. Kalilime kakatali kamatulutsa mawu aakulu, kakafupi mawu aang'ono. Tina timalira munthu akauzira, tina akakoka mpweya.

Hamonika yofala kwambiri ili ndi zibowo 10 ndi timalilime 20. Imeneyi imaimba bwino mu kiyi imodzi, ndipo ndi imene akatswiri a nyimbo za blues ku America, monga Little Walter ndi Sonny Boy Williamson, ankailiza modandaula mpaka anthu kugwira pamtima. Imene Toots anasankha ndi yokulirapo, yotchedwa chromatic. Ili ndi zibowo 12, timalilime 48, ndi kabatani kumapeto kwa mbali ya kumanja. Munthu akadina kabataniko, liwu limakwera pang'ono. Choncho chibowo chilichonse chili ndi mawu anayi: la pouzira, la pokoka, la pouzira utadina, ndi la pokoka utadina. Mwa njira imeneyi hamonika imodzi imakhala ndi mawu onse a pa piyano, a makiyi oyera ndi akuda omwe, m'magawo atatu kuyambira pansi kufika pamwamba. Toots ankagwiritsa ntchito za kampani ya Hohner ya ku Trossingen m'dziko la Germany, imene inayamba kupanga zida zimenezi mu 1857.

Vuto lili pakuimba nyimbo yothamanga. Woimba sakisofoni amauzira mbali imodzi yokha, zala n'kumagwira ntchito yotsalayo. Wa hamonika ayenera kusintha zinthu zitatu pa kamphindi kamodzi: chibowo chimene chili pamlomo, kumene mpweya ukulowera, ndi kabatani. Zonsezi amachita osaona, chifukwa chidacho chabisika m'manja ndi pakamwa. Nthawi iliyonse imene mpweya watembenuka, nyimbo imafuna kuduka, ndipo wophunzira amamveka ngati munthu wolankhula uku akuwefuka. Toots anatha zaka zambiri akulimbana ndi vuto limeneli. Mawu ena pa hamonika amapezeka pamalo awiri, ndipo iye ankasankha malo amene angalole kuti mpweya upitirire mbali imodzi, kabatani n'kumaliza zotsalazo. Zotsatira zake n'zakuti womvera sadziwa pamene mpweya watembenukira. Nyimbo imangoyenda ngati madzi mumngalande.

Amene anaonapo gule wa nyanga wa m'chigwa cha Zambezi amadziwa kuti choimbira cha mpweya chimafuna chifuwa champhamvu. Toots analibe chifuwa chotero. Ankadwala mphumu moyo wake wonse. Munthu amene nthawi zina ankavutika kupuma ndi amene anasankha ntchito yodalira mpweya, ndipo anaphunzira kusauwononga ngakhale pang'ono.

Nkhondo, gitala ndi dzina latsopano

Mu Meyi 1940 asilikali a Germany analanda dziko la Belgium, ndipo anakhalamo zaka zinayi. Boma la Nazi linkadana ndi jazi chifukwa inali nyimbo ya anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo amene anatengedwa ku Africa, imene inaphukira mumzinda wa New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Chidani chimenecho sichinaletse achinyamata a ku Brussels kumvera zimbale zake. M'masiku ovutawo Toots anamva mawu ndi lipenga la Louis Armstrong, ndipo kuyambira pamenepo mtima wake unapita ku jazi.

Anzake oimba sanailandire hamonika. Anamulangiza kuti ataye choseweretsacho apeze chida chenicheni ngati akufuna kuimba nawo. Toots sanachitaye, koma anaphunzira gitala. Chitsanzo chake chinali Django Reinhardt, katswiri wa mtundu wa Aromani yemwe anabadwiranso ku Belgium, amene ankaimba gitala modabwitsa ngakhale kuti zala ziwiri za dzanja lake lamanzere zinapuwala pa ngozi ya moto. Toots ankamvera zimbale za Django mobwerezabwereza mpaka atapeza mmene zala zinkayendera.

Mzinda wa Brussels utamasulidwa mu Seputembala 1944, munadzaza asilikali a mayiko ogwirizana, ndipo m'malo awo achisangalalo munkafunika oimba. Toots anapeza ntchito mmenemo ngati woimba gitala. Anzake a m'bandi ankaona kuti dzina la Jean silikumveka ngati la woimba jazi, choncho anamupatsa la Toots, potengera oimba awiri a ku America, Toots Mondello ndi Toots Camarata. Dzinalo linamukanirira mpaka kumanda.

Nthawi yomweyo zimbale za mtundu watsopano wa jazi wotchedwa bebop zinayamba kufika ku Ulaya. Ankauimba Charlie Parker pa sakisofoni ndi Dizzy Gillespie pa lipenga. Unali wothamanga, wa mawu okhotakhota, ndipo woimba aliyense ankayenera kupeka nyimbo yakeyake pomwepo pamaso pa anthu, motsatira maziko a nyimbo imene gulu lonse likudziwa. Ambiri ankati zimenezo sizingatheke pa hamonika. Toots anayamba kusamutsira maimbidwe a Parker pa kachida kake, mzere ndi mzere.

Ulendo wa ku America

Mu 1949 ku Paris kunachitika chikondwerero chachikulu cha jazi, ndipo Toots anapeza mwayi woimba pamodzi ndi Charlie Parker, Miles Davis ndi Sidney Bechet. Chaka chotsatira, mu 1950, Benny Goodman, mwini bandi yotchuka ku America, anamutenga pa ulendo wake wozungulira mayiko a ku Ulaya. M'gululo munali Roy Eldridge pa lipenga ndi Zoot Sims pa sakisofoni. Mnyamata wa ku Marolles anaona yekha kuti angathe kuima pakati pa eni nyimbowo osachita manyazi.

Paja akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Toots anasamukira ku New York, kumene kunali likulu la jazi. Anali mlendo, mzungu wa magalasi ndi ndevu za pamlomo, wolankhula Chingelezi chopotoka, wofuna malo pa nyimbo ya eni ake. Chimene chinamutsegulira khomo ndi khutu lake. Anaimbako m'gulu la Charlie Parker mumzinda wa Philadelphia, kenako anapeza ntchito yokhazikika m'gulu la anthu asanu la George Shearing, woimba piyano wosaona wochokera ku London. Anakhala m'gululi mpaka 1959, ndipo ali komweko, mu 1957, anakhala nzika ya United States.

Kwa Shearing ntchito yake yaikulu inali gitala, hamonika n'kumaitulutsa pa nyimbo zingapo. Gululi linkadziwika ndi kaimbidwe kakuti piyano, gitala ndi vibraphone, chida chofanana ndi valimba koma cha zitsulo, ziziimba mzere umodzi pamodzi mosasiyana ngakhale pang'ono. Imeneyi inali sukulu ya mwambo. Usiku uliwonse kwa zaka zoposa zisanu Toots ankaphunzira kulowetsa liwu lake m'liwu la mnzake mpaka awiriwo amveke ngati chinthu chimodzi.

Mu 1958 kampani ya Riverside inatulutsa chimbale chake chotchedwa Man Bites Harmonica!. Pa chimbalechi hamonika inaima pambali pa sakisofoni yaikulu ya Pepper Adams, mothandizidwa ndi Kenny Drew pa piyano, Wilbur Ware pa besi ndi Art Taylor pa ng'oma. Onsewa anali akatswiri a bebop osanyengerera munthu. Kachida kaja sikanamire pakati pawo. Kanayankhana ndi sakisofoni mzere ndi mzere, pa liwiro lomwelo, ndipo amene ankati n'choseweretsa anasowa chonena.

Likhweru ndi gitala

Chodabwitsa n'chakuti nyimbo imene inamutchukitsa kwambiri anaijambula popanda hamonika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Toots ankapita kawirikawiri ku Sweden, kumene anthu anamukonda mpaka anaphunzira chinenero chawo. Kumeneko anajambula nyimbo imene anapeka yekha, yotchedwa Bluesette. Ndi nyimbo yogunda katatukatatu, yopepuka kumva, koma pansi pake maziko amasinthasintha kiyi motsetsereka mpaka kubwerera pamene anayambira. Anaiimba ndi likhweru ndi gitala nthawi imodzi, milomo ndi zala zikutsata mzere umodzi, monga anaphunzirira kwa Shearing.

Aliyense amene anawetapo ng'ombe amadziwa kuimba likhweru, koma kuliimba molondola mawu onse a nyimbo yokhotakhota, mogwirizana ndendende ndi nsambo za gitala, ndi ntchito ina. Bluesette inafalikira m'mayiko ambiri. Norman Gimbel anaiikira mawu a Chingelezi, oimba ochuluka anaijambula, ndipo mpaka lero ophunzira jazi amaiphunzira. Ndalama zimene nyimboyi inkabweretsa zinamuthandiza Toots moyo wake wonse, ndipo nthawi zambiri anthu sankalola kuti atsike pansanja asanaiimbe.

Liwu lodziwika, nkhope yosadziwika

M'zaka za m'ma 1960 achinyamata anatembenukira ku nyimbo za rock, ndipo oimba jazi ambiri anasowa ntchito. Toots anapulumukira m'nyumba zojambulira nyimbo za ku New York, kumene ankaitanidwa kukaimba pa zimbale za ena, pa mafilimu ndi pa mauthenga otsatsa malonda. Likhweru lake linamveka pa uthenga wotsatsa mafuta onunkhira a Old Spice. Hamonika yake inkamveka pa nyimbo yotsekera pulogalamu ya ana ya Sesame Street, imene inayamba mu 1969, moti mibadwo ya ana inakula ikumumva osamudziwa dzina. Chaka chomwecho analiza hamonika mufilimu ya Midnight Cowboy, nkhani ya anthu awiri osauka ovutika m'misewu ya New York. Mu 1972 anaimba mufilimu ya The Getaway, mu 1973 mufilimu ya ku Netherlands yotchedwa Turks Fruit, ndipo mu 1974 mu The Sugarland Express ya Steven Spielberg.

Quincy Jones, mmodzi mwa akatswiri okonza nyimbo ku America, ankamuitana mobwerezabwereza ndipo ankamuika m'gulu la oimba opambana a m'nthawi yake. Pa chimbale cha Jones cha mu 1981 chotchedwa The Dude pali nyimbo yopanda mawu ya Velas, imene Toots anaiimba ndi likhweru, gitala ndi hamonika. Paul Simon anamuitana mu 1975 pa nyimbo ya Night Game, ndipo Billy Joel mu 1983 pa Leave a Tender Moment Alone.

Filimu imene alimi angaimve msanga ndi ya ku France ya mu 1986, Jean de Florette, yochokera m'buku la Marcel Pagnol. Ndi nkhani ya bambo wa linunda wochokera m'tauni, amene analandira munda wamasiye kumapiri a Provence n'kusamukirako ndi mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi. Anansi ake awiri ankausirira mundawo chifukwa munali kasupe, choncho anatseka kasupeyo mwachinsinsi ndi simenti mwini wake asanafike. Anthu a m'mudzimo ankadziwa za kasupeyo koma anakhala chete. Chilala chitabwera, bamboyo ankatunga madzi kutali pamsana, mbewu zikufota akuona, pamene madzi anali pansi pa nthaka yake yomwe. Pomaliza anafa pophulitsa thanthwe pofuna kukumba chitsime. Nyimbo yaikulu ya filimuyi inatengedwa ku ntchito ya Giuseppe Verdi, ndipo hamonika imene imailiza ndi ya Toots. Imayamba yokha, mofatsa, ngati munthu amene wakhala pakhonde madzulo akuyang'ana kumwamba kopanda mtambo.

Luso lake lenileni

Oimba hamonika othamanga analipo Toots asanabadwe ndipo alipo lero. Chimene chinamusiyanitsa ndi zinthu zingapo zimene khutu lililonse lingathe kuzigwira likatchera bwino.

Choyamba ndi liwu lenilenilo. Hamonika ikauziridwa mwamphamvu imalira mobaya m'khutu. Toots ankauzira pang'ono, atagwira chidacho pamodzi ndi maikolofoni m'manja, ndipo ankasintha kaikidwe ka lilime ndi kukhosi kuti liwu lituluke lofunda, nthawi zina losasa ngati la munthu amene wangomaliza kulira. Liwu limodzi ankatha kuliyamba lowongoka, kenako n'kulinjenjemeretsa kumapeto, kapena kuligwetsa pang'ono ngati likufooka.

Chachiwiri ndi kudziwa maziko a nyimbo. Chifukwa anali woimba gitala, ankadziwa mawu onse amene amapanga kodi iliyonse. Popeka, ankasankha liwu limene womvera sakuliyembekezera, looneka ngati lasochera, kenako n'kulibweza kwawo mwa njira imene imachititsa kuti kusocherako kumveke kokoma. Maimbidwe a John Coltrane atatchuka, Toots, yemwe anali kale munthu wamkulu, anakhala pansi n'kuwaphunzira ngati mwana wasukulu.

Chachitatu ndi nthawi. Ankadziwa kuchedwa pang'ono kumbuyo kwa ng'oma, kusiya mpata, n'kulowa pamene anthu agwira mpweya. Ankakondanso nthabwala, moti pakati pa nyimbo yachisoni ankatha kuponyamo kachidutswa ka nyimbo ina yodziwika, anthu n'kuseka misozi ili m'maso. Mwini wake ankafotokoza kuti malo a nyimbo zake ali pakati pa kumwetulira ndi misozi.

Zonsezi zimamveka bwino pa chimbale cha Affinity, chimene anajambula mu 1978 ndi Bill Evans, woimba piyano amene ankadziwika ndi maimbidwe ofatsa ndi ozama. Evans anamwalira patangopita zaka ziwiri. Pa nyimbo monga The Days of Wine and Roses ndi Body and Soul, piyano ndi hamonika zimapatsana mpata ngati akuluakulu awiri okambirana nkhani pabwalo, wina osadula mnzake pakamwa. Oimba hamonika ambiri amachitenga chimbalechi ngati buku lawo lophunzirira. Patangopita zaka zochepa, Jaco Pastorius, mnyamata wodabwitsa pa gitala ya besi, anamuitana pa chimbale cha Word of Mouth cha mu 1981, pamene Toots anatsogolera nyimbo ya Three Views of a Secret. Anasiyana zaka pafupifupi 30, koma anagwirizana kwambiri ndipo anayenda limodzi m'maulendo oimba.

Chikondi cha Brazil

Toots ankakonda nyimbo za ku Brazil, dziko lolankhula Chipwitikizi limene magule ake ambiri ali ndi mizu ya ku Africa. Mu 1969 anakumana ndi Elis Regina ku Sweden ndipo anajambula chimbale pamodzi. Mawu a mayiyo ndi likhweru la Toots zimathamangitsana ndi kusekana pa nyimbo za samba ndi bossa nova. Anadzaimbanso ndi Sivuca, katswiri wa akodiyoni, chida chimene iye anayambira ali mwana.

Mu 1992 anatulutsa The Brasil Project, ndipo chigawo chachiwiri chinatsatira mu 1993. Oimba otchuka a dzikolo, monga Milton Nascimento, Gilberto Gil, Chico Buarque, Caetano Veloso, Djavan ndi Ivan Lins, anabwera aliyense ndi nyimbo yake, Toots n'kumaiyankha ndi hamonika. Kusonkhanitsa anthu otere pa chimbale cha mlendo wa zaka 70 kukusonyeza mmene eni dzikolo ankamuonera. Anaimbanso pamodzi Bluesette.

Dzanja litafooka

Mu 1981 Toots anadwala sitiroko, matenda amene amafooketsa mbali imodzi ya thupi. Dzanja lake lamanzere, limene limadina nsambo za gitala, silinabwererenso mwakale. Kwa munthu amene anadya za gitala kwa zaka pafupifupi 40, limeneli linali tsoka lalikulu. Sanasiyiretu kuigwira, koma liwiro lija linapita, ndipo kuyambira pamenepo moyo wake unatsamira pa hamonika.

Ambiri amene anamutsatira amati nyimbo zake zinakoma koposa matendawa atadutsa. Anachepetsa mawu. Pamene kale akanathira mawu makumi awiri, tsopano ankaika asanu, lililonse pamalo pake. Atakalamba ankaimba atakhala pampando wautali pakati pa nsanja, miyendo ikulendewera, monga mwana uja wa ku Rue Haute. Nyimbo imene inkakhudza anthu kwambiri m'zaka zimenezi ndi Ne me quitte pas ya Jacques Brel, mnzake wa ku Brussels, imene ankaiimba pang'onopang'ono ndi piyano yokha, holo yonse ili zii.

Anabwerera kukakhala kwawo, m'tauni ya La Hulpe pafupi ndi Brussels. Mu 2001 Mfumu Albert II inamupatsa udindo wa baroni. Mu 2009 dziko la United States linamupatsa ulemu wa NEA Jazz Master, womwe ndi waukulu kwambiri umene boma la dzikolo limapereka kwa woimba jazi. Anali ngati kholo la chikondwerero cha Jazz Middelheim mumzinda wa Antwerp, kumene ankaimba kawirikawiri. Kampani ya Hohner inapanga mitundu iwiri ya hamonika ya dzina lake, Mellow Tone ndi Hard Bopper. M'dziko limene olankhula Chifalansa ndi olankhula Chidatchi amakangana pa zambiri, mbali zonse ziwiri zinkamutenga ngati wawo.

Mu 2012 anakondwerera zaka 90 ali pansanja. Mu Malichi 2014, ali ndi zaka 91, analengeza kuti wasiya kuimba pagulu chifukwa mphamvu zinali zitachepa ndipo sankafuna kukhumudwitsa anthu amene alipira kudzamumva. Patapita zaka ziwiri anagwa n'kugonekedwa m'chipatala, ndipo kumeneko anamwalira ali m'tulo. Anaikidwa m'manda ku La Hulpe.

Akuluakulu a mzinda wa Brussels anasankha dzina lake kuti likhale la siteshoni yatsopano ya sitima zapansi panthaka, kufupi ndi dera limene anabadwira. Oimba hamonika a jazi a masiku ano, monga Grégoire Maret wa ku Switzerland ndi Hendrik Meurkens wa ku Germany, akuyenda m'njira imene iye analambula, ndipo palibenso amene amawauza kuti ataye chida chawo. Amene akufuna kumumva koyamba angayambe ndi Bluesette kuti amve likhweru, kenako Affinity kuti amve hamonika, ndipo pomaliza nyimbo ya mu Jean de Florette, makamaka m'masiku amene mvula yachedwa.